Madzi Otuluka Pansi pa Galaja ku Beatrice

Abale anga a ku migodi, inu amene mulikusunga ndalama zomangira kwanu, tamvani za madzi otuluka pansi pa simenti.

Ine ndigwira nchito m'galaja pa famu ina ku Beatrice, pa mseu wocokera ku Harare kunka ku Masvingo, pafupi ndi mtsinje wa Mupfure. Kuno mvula igwa kuyambira November kufikira March. Ikagwa masiku angapo osakata, nthaka imakhuta, ndipo madzi posowa kolowera amakwera m'ming'alu ya simenti. M'galaja mwathu matumba a feteleza ananyowa, zitsulo nizicita dzimbiri.

Kumata mng'alu kokha sikuthandiza, pakuti madzi saiwala khwawa, aboola pena. Inu mudziwa kuti pansi pa mgodi madzi amawakonzera njira ndi powasonkhanitsa. Ifenso tinatero. Tinakumba ngalande kumtunda kwa galaja, motalikirako ndi khoma, yakuya kuposa simenti ya pansi, yotsetsereka kunka kudambo, ndipo tinathiramo miyala yoswa. Madzi a padenga tinawalandira ndi malata opinda ndi kuwatayira kutali. Dothi tinaliunjika m'mbali mwa khoma kuti madzi azithawa nyumba. Ming'alu tinaimata m'cilimwe, pansi patauma.

Tsono pomanga kwanu, pewani dambo, kwezani maziko, yalani pulasitiki musanathire simenti. Ndalama zimene mwavutikira pansi pa nthaka zisapite ndi cinyontho.