TIYEZE KAYE MTUNDA WA KUGWA TISANAKWEZE MUNTHU PA DENGA

Mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo kuno ku Kasinje, sipalephera denga losasuka: mwina la sukulu, mwina la tchalitchi cha kumudzi, mwina la nyumba ya aphunzitsi. M'mawa mwake komiti imakumana, Miphakati imasonkha ndalama za misomali ndi malata, ndipo amafuna mmisiri ndi anyamata awiri atatu oti akwere. Pa msonkhano wotere timawerengera bwino lomwe malata angati, matabwa angati, ufa wa amisiri ungati. Chimene sitiwerengera ndi ichi: munthu amene tamukweza uja akaterereka, agwa mtunda wotalika bwanji, nanga chimugwire nchiyani asanafike pansi?

Ena akamva funso ili amayankha ndi mwambi uja, amati tsiku lakufa nyani mitengo iterera. Koma nyani sachita kutumidwa ndi komiti. Mmisiri timachita kumuitana ndife, tagwirizana naye mtengo, tamusonyeza pokwera. M'buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, Aisraele anauzidwa kuti azitchinga m'mbali mwa madenga awo, amene anali afulati, ndipo mlandu wa munthu wogwa pa denga losatchinga unkakhala pa nyumbayo. Ndiye kuti nkhani iyi ndi yakale, ndipo siikhudza amisiri okha.

KUGWA KUMAFULUMIRA KUPOSA MANJA

Chinthu chilichonse chikamagwa, liwiro lake limanka likukula. Pa sekondi iliyonse limawonjezeka ndi mamita pafupifupi 10 pa sekondi, kaya wogwayo ndi wonenepa kaya ndi wowonda. Pa theka la sekondi munthu amakhala atatsika kale mita 1 ndi masentimita 20. Sekondi imodzi ikamakwana watsika mamita pafupifupi 5. Pa masekondi awiri ndi mamita pafupifupi 20. Tsono taganizani: kuti munthu azindikire kuti phazi laterereka, natambasula dzanja kufuna pogwira, theka la sekondi lija limakhala litatha, ndipo phaso limene amafuna kugwira lili kale pamwamba pa mutu wake. Mawu oti "ine ndine wochenjera, ndigwira" tisamawakhulupirire, ngakhale atanena ndi mmisiri wa zaka makumi awiri pa ntchito.

Wogwa kuchokera pa mamita 3, umene ndi msinkhu wa khoma la nyumba zambiri za njerwa, amafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 28 pa ola. Kuchokera pa mamita 6 amafika pa liwiro la makilomita 39 pa ola. Amene anagwapo pa njinga yotsetsereka akudziwa liwiro lotere. Kusiyana kwake nkwakuti wa pa njinga amakhwekhwerezeka, pamene wa pa denga amaima mwadzidzidzi pa simenti, pa mulu wa njerwa kapena pa chitsulo chosongoka cha maziko.

CHINGWE NACHO CHIMAFUNA MALO

Masiku ano anyamata athu ena amene anagwirapo ntchito ya zomangamanga ku Lilongwe kapena ku Joni amabwera ndi lamba wovala thupi lonse, wodutsa m'mapewa ndi m'ntchafu, wokhala ndi ngowe pamsana. Ndi chida chabwino. Vuto nlakuti anthu tikaona munthu wavala lamba nakoleka chingwe, mitima imakhala pansi, timati uyu ndiye sangagwe. Chingwe sichiletsa kugwa. Chimangoimitsa munthu amene wayamba kale kugwa, ndipo kuti chimuimitse pamafunika malo okwanira pansi pake. Malo amenewa ndiwo tiyenera kuwerengera.

Chingwe cha lamba wotere nthawi zambiri chimakhala cha mamita 2. Pa chingwepo pamakhala kathumba momwe apindamo lamba wina wosokedwa. Pa Chingerezi amakatcha shock absorber, dzina lomwe lija la pa galimoto. Munthu akagwa, ulusi wa m'kathumbamo umathothoka pang'onopang'ono, lamba nkumatambasuka, kuti thupi lisaime kamodzinkamodzi. Miyezo ya ku Ulaya imene zida zambiri zotere zimatsata imati mphamvu yokoka thupi isapitirire kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 600, ndipo imalola kathumbako kutambasuka mpaka mita 1 ndi masentimita 75. Mwaona kuti chingwe chija chatalika. Komanso ngowe ili pamsana, pamene chofika pansi poyamba ndi mapazi, ndipo kuchokera pa ngowe kufika ku mapazi pali pafupifupi mita 1 ndi theka. Pomaliza timasiya mpata wa mita 1, chifukwa lamba amatamuka, ngowe imakwera m'mwamba, ndipo anthu sitifanana msinkhu. Tiphatikize m'masentimita:

Kutalika kwa chingwe: 200
Kutambasuka kwa kathumba: 175
Kuchokera pa ngowe kufika ku mapazi: 150
Mpata wosiya: 100
Zonse pamodzi: 625

Ndiye kuti kuchokera pamene takoleka chingwe kufika pansi payenera kukhala mamita 6 ndi masentimita 25, kapena kuti mafiti 20 ndi theka kwa amene anazolowera mafiti. Tikati pansi sitikunena nthaka yokha ayi. Ngati m'munsimo muli khoma la pakati, mabenchi, thanki kapena mulu wa miyala, timayeza kulekeza pamenepo, pakuti ndipo munthu ayambire kugunda. Ndipo ngati pa chidacho alembapo muyezo wake, titsate umenewo.

Tsopano tengani tepi mupite pa tchalitchi chanu. Tiyerekeze kuti khoma lake ndi la mamita 4. Mmisiri akukhoma malata m'mphepete, wakoleka chingwe pa thabwa la pamwamba pa khoma. Pakufunika masentimita 625, alipo 400. Munthu ameneyu akagwa afika pansi atavala lamba wake bwinobwino, kathumba kasanamalize nkomwe ntchito yake. Pa buloko ya sukulu ya mamita 3 ndiye nkosayamba. Apa mpamene pagona nkhani yonse: nyumba zathu zambiri za m'parishi nzazitali mokwanira kuthyola msana wa munthu, koma nzazifupi moti chingwe cha mamita 2 sichingathe kumupulumutsa.

Pokoleka pamasinthanso zinthu kwambiri. Chingwe chikakolekedwa pamwamba pa mutu, chili chokungika, munthu amangotsika pang'ono. Chikakolekedwa molingana ndi msana, amagwa mamita 2 chisanayambe kumugwira. Chikakolekedwa ku mapazi, amagwa mamita 3 ndi theka, ndipo pamene chikuyamba kukoka amakhala ali pa liwiro la makilomita 30 pa ola. Nchifukwa chake amisiri ophunzira amakoleka m'mwamba momwe angathere. Pokolekapo pakhale polimba zedi. Miyezo yomwe ija imafuna malo otha kupirira kulemera koposa tani imodzi, ndiko kuti matumba a simenti oposa 20. Kathabwa kokhomerapo malata, kogwidwa ndi misomali iwiri, sikangapirire zimenezo. Paipi ya madzi ngakhalenso felemu ya windo sizingapirire.

Nanga chingwe wamba cha nayiloni kapena cha khonje chomanga m'chiuno, monga timachitira pokumba chitsime? Kwa munthu wogwa, chimenechi chingathe kukhala choopsa kuposa chabwino chimene tikuyembekeza. Chilibe chofewetsa, motero munthu akagwa mamita 2 kukoka kwake kungathe kupitirira tani imodzi, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa mimba ndi pa msana. Chikapanda kuduka, chimavulaza za m'kati, kapena kukwera m'chifuwa nkumutsamwitsa.

KUWERENGERA KUTI ASAFIKE POGWERA

Popeza malo ogwera ndi ochepa, nzeru yoyenera nyumba zathu ndi ina: chingwe chifupike kotero kuti munthu sangathe nkomwe kufika m'mphepete. Ndi monga timamangira mbuzi pafupi ndi munda wa mnzathu, timayeza chingwe kuti ilekeze msipu isanafike pa chimanga. Pepani amisiri pa fanizoli, koma masamu ake ndi omwewo. Ngati kuchokera pa msonga ya denga kufika m'mphepete pali mamita 5, chingwe chochokera pa msongapo chisapitirire mamita 4. Dzanja lifika pokhoma msomali, koma thupi silidutsa.

Pano pali msampha umene ambiri saona. Denga lili ndi mphepete zinayi, osati imodzi. Ngati takoleka chingwe cha mamita 4 pa malo amene ali mamita 2 okha kuchokera ku mutu wa nyumba, munthu angathe kugwera ku mutuko chingwe chili chokhwepa. Choncho timayeza kufika ku mphepete imene ili pafupi kwambiri, ndipo ntchito ikamasuntha, pokoleka nayo pasunthe. Wina akagwira ntchito cham'mbali, kutali ndi pamene wakoleka, akagwa amalendewera ngati katungwe, nkukadzimenyetsa ku khoma, chingwe chikukhuzika pa m'mphepete mwa lata amene ndi wakuthwa ngati mpeni.

Tisaiwalenso kuti ena sagwera kunja koma m'kati. Malata akale adzimbiri, malata owala aja olowetsa kuwala m'tchalitchi, ndi mipata ya pakati pa mapaso malata asanakhomedwe, zonsezi ndi maenje. Chingwe chofupikitsa sichithandiza pamenepa. Pafunika kuyala matabwa oyendapo, ndipo pa malata okhoma kale munthu aziponda mu mzere wa misomali, pamene pansi pali thabwa. M'mamawa malata amakhala ndi mame, ndipo masana kuno ku chigwa cha Bwanje dzuwa la Okutobala ndi Novembala limachititsa chizungulire munthu amene sanamwe madzi. Za mowa sitichita kunena.

NSANJA NDI MAKWERERO

Pa zonsezi chimene chimateteza anthu ambiri nthawi imodzi, popanda kugula zida za ku tauni, ndi nsanja yomangidwa bwino. Mitengo ya bulugamu tili nayo. Nsanja ikhale ndi matabwa oyalidwa mothithikana, omangidwa kuti asapendeke, ndi mtengo wotchinga pa msinkhu wa mita 1, wina pakati, ndi thabwa la masentimita 15 m'munsi loletsa njerwa ndi hamala kugwera amayi otunga madzi ndi ana amene amakonda kuonerera. Nsanja ikafika pafupi ndi mphepete mwa denga, mtunda wogwa umatsika kuchoka pa mamita 4 kufika pa theka la mita. Kuimika migolo iwiri nkuyalapo thabwa limodzi si nsanja ayi.

Makwerero ali ndi masamu awo osavuta. Pa mamita 4 alionse okwera, phazi la makwerero litalikire khoma mita 1. Pa khoma la mamita 3 ndiye masentimita 75. Akaima chilili amagwera chagada, akagona kwambiri amaterereka ku phazi. Msonga yake ipitirire potsikira ndi mita 1 kuti munthu akhale ndi pogwira, kotero pa khoma la mamita 3 pafunika makwerero opitirira pang'ono mamita 4. Amangidwe kumwamba, kapena wina awagwire pansi. Kumene kwafika magetsi, yang'anani mawaya musananyamule lata kapena makwerero achitsulo.

UDINDO ULI PA YANI?

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, pa gawo 31, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa malo a ntchito, ndipo mu 2000 inakhazikitsa lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito ya munthu, anaphunzitsa kuti munthu wogwira ntchito ndi woposa katundu ndi phindu, ndipo anatchula malo a ntchito osaononga thanzi ngati ufulu wa wantchito. Sizingamveke kuti ife amene timawerenga zimenezi m'tchalitchi tikhale oyamba kukweza mwana wa mnzathu pa nsanja yogwedera chifukwa tikuthamangira tsiku lodalitsa nyumba.

Choncho pogwirizana ndi mmisiri, komiti ifunse: mukwera bwanji, muima pati, mukoleka pati, pansi pali mamita angati? Mitengo ya nsanja ndi zingwe zomangira zilowe mu bajeti pamodzi ndi malata. Mmisiri akakana kukwera chifukwa kuli mphepo kapena nsanja njofooka, asatchedwe waulesi kapena wamantha, ali mu ufulu wake. Achinyamata odzipereka pa ntchito ya chitukuko, amene sanaphunzire umisiri, athandize pansi. Ana a sukulu asatumidwe pa denga ngakhale kukatola mpira.

Ngozi ikachitika, amene walendewera pa lamba atsitsidwe mwamsanga, pa mphindi zochepa, chifukwa kulendewera nthawi yaitali kumaunjika magazi m'miyendo ndipo munthu angathe kukomoka. Ndiye kuti makwerero ofika pamenepo akhale okonzeratu ntchito isanayambe, ndipo munthu asagwire ntchito pamwamba ali yekha. Amene wagwa pansi musamudzutse, musamunyamule wina miyendo wina manja, musamukhazike pa kabaza. Ngati fupa la khosi kapena la msana lathyoka, kumupinda kungathe kumupuwalitsa moyo wake wonse. Mmodzi agwire mutu kuti usatembenuke, ena amusunthire pamodzi pa chitseko kapena thabwa lalikulu, thupi lili lowongoka, ndipo apite naye ku chipatala chomwecho. Ngakhale amene wadzuka yekha nanena kuti ali bwino akaonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati anagunda mutu, akusanza kapena akuodzera. Komiti ilembe tsiku, nthawi, msinkhu umene wagwa ndi maina a mboni, ndipo ikadziwitse ofesi ya zantchito ku boma ku Ntcheu.