Alenje Ogona Pansi pa Madzi

Munthu wobadwira ku Chisemphere, kumene maso amathera pa minda ya fodya ndi zigafa, ndipo nsomba imafika itauma kale m'madengu a amalonda ochokera kunyanja, akamva dzina lakuti shaki amaganiza za chilombo chaliwiro chong'amba madzi usana ndi usiku. Komatu m'nyanja zamchere muli fuko lina la shaki, la mitundu yoposa 40, limene ena mwa ana ake nzeru yawo ndi kugona pansi phee, kulindira kuti chakudya chidzibweretse chokha pakamwa.

Angerezi anazitcha carpet shark, ndiko kunena shaki zonga mkeka woyalidwa pansi, chifukwa cha maanga a pakhungu pawo, pamene akatswiri m'mabuku awo amalemba Orectolobiformes. Yodziwa kudzizimbaitsa koposa zonse ndi wobbegong, ya mitundu 12, yokhala m'madzi osaya a ku Australia, Indonesia kufikira ku Japan. Ndipo dzinali akuti linachokera kwa Aaborijini, eni nthaka a ku Australia, amene anaona ndevu zake zanyankhalala naitcha motero. Ndevuzo si ubweya ayi, koma timinofu ta khungu tolendewera kuzungulira kamwa, timene timasokoneza maso kotero kuti nsomba yodutsa siizindikira pamene mutu wathera ndi pamene ndere zayambira. Thupi lake ndi laphanthiphanthi, lamaanga ofiirira ndi achikasu, ndipo ngakhale ina imakula kufika mamita 3, munthu wosambira angathe kuidutsa osaiona.

Shaki zina zimapuma pokhapokha zikusambira, pakuti madzi ayenera kuyenda m'makha mwawo kosalekeza. Koma wobbegong imadzikokera madzi yokha pakamwa ndi pa tizibowo tili kumbuyo kwa maso, motero ikhoza kutandala pamwala umodzi osafa nayo mpweya. Nsomba kapena nkhanu ikayandikira, iyo imatsegula kamwa mwadzidzidzi, madzi n'kuikokera mkati, mano osongoka ngati singano n'kutseka njira. M'chaka cha 2011 ofufuza anajambula ina pafupi ndi chilumba cha Great Keppel ili mkati momeza shaki inzake, kuyambira kumutu. Anthu siiwasaka, koma woiponda kapena kuikoka mchira imamuluma, ndipo ikaluma siifulumira kutaya. Mlimi wa kuno amene anapezapo mphiri itafungatira m'masamba ouma, yosathawa mapazi a munthu monga zichitira njoka zina, adziwa bwino mtima wa cholengedwa chotere.

N'zodabwitsa kuti m'fuko lomweli muli whale shark, nsomba yaikulu koposa zonse padziko, imene Andrew Smith anaifotokoza mu 1828 itagwidwa ku Table Bay, ndipo imaoneka kawirikawiri ku Tofo m'dziko la Mozambique. Iyoyo sigona pansi, imangoyenda kukamwa kuli yasa, kusefa tizamoyo ting'onoting'ono.

Tsono wina angafunse kuti za kutsidya kwa nyanja zitikhudza bwanji ife, popeza m'nyanja ya Malawi mulibe shaki ndi imodzi yomwe. Yankho lake n'lakuti mlenje wonga wobbegong tili naye kwathu konkuno, ndipo ine ndiyesa kuti pa ukathyali aposa mnzake wa ku Australia. Asodzi amamutcha kaligono, chifukwa amaoneka ngati wagona. Albert Günther anamulemba m'mabuku mu 1894 nam'patsa dzina la David Livingstone, ndipo lero amadziwika kuti Nimbochromis livingstonii. Ndi nsomba ya masentimita ngati 25, yoyererako, yamaanga akuda obalalika, ndipo ikamva njala imagwa cham'mbali pamchenga niikhala chete ngati yakufa ndi yoyamba kuvunda. Tinsomba tofuna kudya mtembo tikafika, mtembowo umadzuka n'kumeza kamodzi mwa ito. Kenneth McKaye, amene anaipenyerera pansi pa madzi, analemba za khalidweli mu 1981, koma dzina la asodzi lisonyeza kuti iwo anali ataliona kalekale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ukhudza nsombayo pamodzi ndi iwo amene anaipatsa dzina.

Ntchito yotcha maina zamoyo, imene malembo amati inayamba ndi Adamu, Aaborijini ndi asodzi a kwathu anaigwira mofanana, pakuti onse anayamba apenya chinthucho nthawi yaitali asanatsegule pakamwa. Chifukwa chake tipempha aphunzitsi a m'sukulu za ku Chisemphere ndi madera ozungulira kuti, pophunzitsa za nyama zodzibisa, ayambe ndi kaligono ndi mphiri m'maina awo a Chichewa, ndipo wobbegong idze pambuyo, ana atadziwa kale za kwawo.