Moto wosankha pootcha

Alamu anga atabwera ku India, kumene anakawaotcha chotupa cha m'mutu ndi cheza, ankangogona. Tikapita kukawazonda kumtunda kwa msika wa Songani, tinkawapeza ali pamphasa patsinde pa mango, nsima itazizira m'mbale. Chotupa chinali chitaphwa ndithu, koma cheza chija chinadutsanso mu ubongo wabwinobwino. Ine, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, funso linandikhala pakhosi: kodi kulibe moto wosankha pootcha?

Madokotala akhala akuufunafuna. Njira ina amaitcha boron neutron capture therapy, mwachidule BNCT. Wodwala amam'patsa mankhwala okhala ndi boron-10, amene maselo a khansa, poti ndi adyera, amameza ochuluka kuposa anzawo. Kenako amamuomba ndi ma neutron. Boron ikagwira neutron imasweka n'kukhala helium ndi lithium, ndipo zidutswazi zimathera mkati mwa mtunda wosapitirira mamaikiromita 10, kukula kwa selo imodzi. Selo yomwe inameza boron imafa, yoyandikana nayo imapulumuka. Aliyense amene analimbanapo ndi kaufiti, uja amamatirira ku mizu ya chimanga, angamvetse chifukwa chake nzeruyi inakopa anthu, pakuti khansa yotchedwa glioblastoma imalowerera mu ubongo chimodzimodzi.

Gordon Locher anaiganiza mu 1936. William Sweet anayamba kuiyesa pa odwala mu 1951 ku Brookhaven, ku America, koma pofika 1961 anaileka. Odwala sanapeze nayo moyo wautali, ndipo poyeza ubongo wa ena omwe anamwalira anapeza mitsempha ya magazi itawonongeka. Boron yambiri inali ikuyendabe m'magazi panthawi yoomba ma neutron, choncho moto unayakira m'mitsempha momwemo.

Apa ndiye pagona nkhani. Ubongo uli ngati dimba la kumbali kwa mtsinje wa Domasi: ukagumula ngalande, ndiwo sizifota tsiku lomwelo. Zimafota pambuyo. Ubongonso umatha kuoneka bwino miyezi ingapo, kenako mbali ina n'kufa. Onjezani kuti ma neutron amagundanso nitrogen ndi hydrogen zomwe zili m'thupi monse, kaya muli boron kaya mulibe. N'chifukwa chake mlingo wa cheza sautchula ndi chotupa ayi, amautchula ndi ubongo wathanzi. Ofufuza ku Petten, ku Netherlands, anachita kuyesa pa agalu kuti adziwe malire amenewa asanakhudze munthu.

Hiroshi Hatanaka anaidzutsanso njirayi ku Japan mu 1968. Mu 2020 dzikolo linaivomereza, komatu pa khansa za kumutu ndi kukhosi, osati za mu ubongo. Kuchedwako ine sindikudandaula nako. Za ku Brookhaven zija zinakwana.

Kwathu kuno, kwa zaka zambiri, ngakhale kuotcha wamba kunkafuna ulendo wa ku Lusaka, Dar es Salaam kapena India. Alamu anga tulo tija tinawathera patapita milungu ingapo. Tsopano amatsika okha kumsika kukagula usipa, ngakhale nthawi zina amafika kunyumba ataiwala mchere.