Vysotsky, woyimba yemwe boma lidalephera kumutseka pakamwa

Pa 25 Julaye 1980, mzinda wa Moscow uli yakaliyakali ndi masewero a Olympics, bambo wina wa zaka 42 adatsikira kulichete. Nyuzipepala za boma zidangolemba kachidziwitso kakang'ono. Koma patatha masiku atatu, khwimbi la anthu lidadzaza misewu yozungulira nyumba ya zisudzo ya Taganka kudzaperekeza maliro ake.

Bamboyo adali Vladimir Vysotsky, katswiri wa zisudzo yemwe ankapekanso nyimbo n'kumaziimba ndi gitala la zingwe 7.

Nthawi imeneyo m'dziko la Soviet Union, nyimbo isanamveke pa wailesi inkayenera kuvomerezedwa ndi akuluakulu a boma. Kuyambira mu 1964, kampani ya boma ya Melodiya ndiyo yokha inkatulutsa zimbale. Nyimbo zotamanda dziko ndi zachikondi zinkadutsa mosavuta, pomwe Vysotsky ankaimba za akaidi, zidakwa, okumba migodi ndi asilikali wamba, ndi mawu ake osasa komanso chilankhulo cha mumsewu.

Mwa nyimbo mazanamazana zomwe adapeka, Melodiya idatulutsa zochepa chabe iye ali moyo.

Nanga zidafika bwanji m'makomo? Anthu ankajambula pa tepi iye akuimba m'nyumba za anzake, m'mafakitale kapena m'sukulu zaukachenjede. Wina amabwereka tepiyo n'kujambulako yake, naye n'kubwereketsa mnzake. Mchitidwewu unkatchedwa magnitizdat. Mawu ankanka nazilala tepi ikajambulidwa kambirimbiri, koma nyimbozo zidafika mpaka ku Siberia.

Ankaimba ngati mwini nkhani, moti ena ankakhulupirira kuti adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kapena adakhalapo m'ndende. Chonsecho adabadwa mu 1938, ndipo nkhondoyo imatha ali ndi zaka 7 zokha.

Kutchuka sikudamupatse mtendere. Ankalakalaka kuti amuvomereze ngati mlakatuli, koma buku lake loyamba, Nerv, lidatuluka mu 1981 iye ali kale m'manda a Vagankovo. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo nazo zidamufooketsa thupi.

Mu 1987, mu ulamuliro wa Mikhail Gorbachev, boma lomwe lija lidamupatsa mphoto yaulemu, ndipo Melodiya idayamba kutulutsa zimbale zake zoposa 20. Nyimbo zambiri za m'zimbalezo anthu adali atazidziwa kale pamtima.