Mulungu wachikuda wa mu Bruce Almighty ndi anthu amene anamuonera

Mu filimu ya nthabwala ya Bruce Almighty, imene inatuluka mu 2003, munthu amene akukumana ndi Mulungu maso ndi maso sakumuzindikira. Bruce Nolan, mtolankhani wa pa TV mumzinda wa Buffalo ku America, ntchito yamuthera ndipo wakhala akudzudzula Namalenga kuti sakulamulira bwino dziko. Ataitanidwa kunyumba ina yopanda anthu, akupezako bambo wachikulire wachikuda atavala ovololo, akukolopa. Bamboyo akupempha kuti amuthandize, koma Bruce akuzemba. Pambuyo pake m'pamene akudziwa kuti wokolopa uja ndiye Mwini zonse.

Jim Carrey ndiye anasewera ngati Bruce, Morgan Freeman ngati Mulungu, ndipo wotsogolera anali Tom Shadyac. Filimuyi inapanga ndalama zoposa madola 480 miliyoni. Koma sikuti aliyense anatuluka mu holo akuseka.

Ku Egypt boma linailetsa. Ku Malaysia Asilamu ena anapempha kuti iletsedwe, ndipo potsiriza inaloledwa kwa akuluakulu okha. Anthu amenewa sanali kudandaula za khungu la Freeman. Mu Chisilamu, Mulungu sajambulidwa ndipo palibe munthu angaime m'malo mwake, akhale mzungu kapena wakuda. Dandaulo limeneli n'lochokera pansi pa mtima ndipo n'loyenera kulilemekeza. Ngakhale Akhristu ena anakhumudwa kuona mphamvu za Mulungu zikugwiritsidwa ntchito pa zachibwana, monga pamene Bruce akugawa pakati supu wa m'mbale motsanzira Mose pa Nyanja Yofiira.

Mtsutso wa za khungu unabuka kwina. Oonera ambiri anakondwa kuona munthu wachikuda atapatsidwa mpando wapamwamba kuposa yonse, ndipo mawu odekha a Freeman anawafika pamtima. Koma ena ounika mafilimu anafunsa kuti Mulungu ameneyu akutumikira yani. Mu 2001 wopanga mafilimu Spike Lee anali atadzudzula kale chizolowezi cha ku Hollywood chopanga munthu wakuda wa mphamvu zodabwitsa amene ntchito yake ndi kukonza moyo wa mzungu basi, ndipo anatchula The Green Mile ndi The Legend of Bagger Vance. Funsoli likuikhudza Bruce Almighty, pakuti nkhani yonse ndi ya mavuto a Bruce ndi bwenzi lake Grace.

Komabe ine ndikuona kuti chithunzi cha wokolopa chija chili ndi phindu lalikulu. Chimene chinatseka Bruce m'maso ndi chomwecho chimene chimatseka ambiri a ife. Nkhope ya Mulungu imene tili nayo m'mutu tinaitenga pa zithunzi. M'nyumba zambiri ku Malawi muli kalendala ya Yesu wa tsitsi lalitali losalala ndi khungu loyera, ndipo filimu ya Jesus ya 1979, imene yaonetsedwa m'midzi yambiri m'Chichewa, muli Brian Deacon, Mngelezi. Mwana wokula akuona zimenezi saganiza n'komwe kuti chiyero chingaoneke pa nkhope yofanana ndi ya agogo ake. N'chifukwa chake ziboliboli za ku Kungoni, pa Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa ntchito yosema mu 1976, zimadabwitsa alendo: Khristu ndi Mariya ali ndi nkhope za kwathu kuno.

Freeman sanali munthu wachikuda woyamba kusewera ngati Mulungu. Mu 1936 Rex Ingram anasewera ngati Mulungu mu The Green Pastures, momwe osewera onse anali akuda. Mu Dogma ya Kevin Smith, ya 1999, Mulungu anali mkazi, woimba Alanis Morissette, ndipo Chris Rock anali mtumwi wa nambala 13 wodandaula kuti anamusiya m'Baibulo chifukwa ndi wakuda. Bungwe la Catholic League linatsutsa filimuyo mwamphamvu.

Chinanso chinachitika chimene opanga Bruce Almighty sanachiyembekezere. Nambala ya foni imene Mulungu akugwiritsa ntchito polumikizana ndi Bruce mu filimuyi inali yeniyeni m'madera ena a ku America, ndipo eni ake anayamba kulandira mafoni a anthu ofuna kulankhula ndi Mulungu. Ena ankangochita zanthabwala, koma ena ankanenadi mavuto awo. Potulutsa DVD nambalayo anaisintha.

Mu 2007 Freeman anaseweranso ngati Mulungu mu Evan Almighty. Pofika 2016, National Geographic inamusankha kuti azungulire mayiko, kufunsa Akhristu, Asilamu, Ayuda, Ahindu ndi Abuda zimene amakhulupirira, m'pulogalamu yotchedwa The Story of God with Morgan Freeman.