SET GLOBAL imaiwalika seva ikazima

Ambiri amene amasamalira madatabesi a MySQL amakhulupirira kuti akalemba SET GLOBAL max_connections = 500, ndiye kuti nkhani yatha. Sitingawadzudzule, chifukwa uthenga wa "Too many connections" umasiyadi kubwera nthawi yomweyo ndipo ntchito imapitirira. Koma lamuloli limangosintha zomwe zili m'memori. Magetsi akathima, kapena wina akazimitsa seva n'kuyiyatsanso, nambala ija imabwerera pa zomwe zili mu fayilo ya my.cnf, ndipo ngati simunalembemo kanthu imatsikira pa 151.

Kale munthu ankayenera kusintha kawiri, pa lamulo komanso mu my.cnf, fayilo yomwe si aliyense ali ndi chilolezo choitsegula. MySQL 8.0, yomwe Oracle inatulutsa mu Epulo 2018, inabwera ndi SET PERSIST. Lamuloli limasintha seva pompopompo n'kusunganso kusinthako mu mysqld-auto.cnf, kafayilo komwe kamakhala mu foda ya deta.

Apa m'pomwe chikhulupiriro china chimapunthwitsa anthu, choti my.cnf ndiyo ili ndi mawu omaliza. Sizilinso choncho. Seva ikamayaka imawerenga mysqld-auto.cnf pambuyo pa mafayilo ena onse, ndiye zomwe zili mmenemo n'zomwe zimapambana. Mutha kukonza my.cnf bwinobwino, kuyatsanso seva kangapo, nambala osasuntha, chifukwa choti mnzanu analemba SET PERSIST miyezi yapitayo osauza munthu. Izi ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri, poti wofufuza amataya nthawi akukayikira fayilo yosalakwa. Mwayi wake, seva siyibisa. Tebulo la performance_schema.variables_info limaonetsa komwe nambala iliyonse yachokera, amene anaisintha ndi nthawi yake. Mukapeza chosafunika, RESET PERSIST imachichotsa mu mysqld-auto.cnf. Musakakonze kafayiloka ndi manja, chifukwa ndi ka JSON ndipo mukalakwitsa pang'ono seva itha kukana kuyaka.

Enanso amaganiza kuti chilichonse chosungidwa chimayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo. Zina sizisinthika seva ili mkati moyenda. Zoterozo mu MySQL zimafuna SET PERSIST_ONLY, yomwe imangolemba n'kudikira kuti seva idzayatsidwenso. Ku PostgreSQL, komwe ALTER SYSTEM inafika ndi mtundu wa 9.4 mu Disembala 2014, lamulolo limangolemba mu postgresql.auto.conf basi. Pamafunikabe kuitana pg_reload_conf(), ndipo shared_buffers ndi max_connections sizimva mpaka mutayatsanso seva yonse.

Malamulo amenewa ndi abwino, ndipo ine ndimawakonda kusiyana ndi kusintha kawiri kwakale kuja. Chomwe ndikupempha n'choti mukalemba SET PERSIST kapena ALTER SYSTEM, lembaninso pamalo pomwe anzanu amawerenga chomwe mwasintha, nambala yomwe inalipo kale ndi chifukwa chake.