Akulu Anadandaula, Ana Anaomba M'manja

Ku Phalombe madzi oundana ndi chinthu chachilendo, kupatula chisanu cha mu Juni pamwamba pa phiri la Mulanje. Komabe mtsutso umene unabuka ku America mu 1994 pa kanema wotchedwa D2: The Mighty Ducks aphunzitsi a ku Migowi angaumve bwino, pakuti ukhudza mphunzitsi ndi ndalama.

Kanemayu, wotsatira woyamba wa 1992, asimba za ana osewera hockey pa madzi oundana. Mphunzitsi wao Gordon Bombay, amene ndi Emilio Estevez, atengeka ndi chuma ndi ulemu wa ku Los Angeles, naiwala anawo, kufikira gulu la Iceland liwagonjetsa ndi zigoli 12 kwa 1.

Olemba nyuzipepala ambiri anati a Disney angobwereza nthano yakale pofuna kutsatsa timu yao ya ku Anaheim imene inayamba mu 1993. Kudandaulaku nkomveka ndithu, pakuti anawo atsiriza masewero atavala malaya a timuyo. Koma ana oonera sanalabadire zimenezo. Makolo analipirabe pakhomo, ndipo mu 1996 kanema wachitatu anatuluka.